Arishini ya a Mama Galina

Tadala, Yankho, mwaswera bwanji ana inu? Ndine agogo anu a ku Nairobi. Ndawauza amayi anu kuti akupatseni foni mumve mawuwa mpaka kumapeto, ndiye iwe Yankho usayambe kudinadina kufuna magemu, ndimakudziwa. Lero ndi Lamulungu, sindinapite kochapa. Kuno ku Kibera kukuzizira ngati kwathu ku Dedza mwezi wa Juni, ndangodzikulunga bulangete. Nkhani yanga si yoseketsa, ndiponso mwina ndiikamba mokhotakhota, sukulu yanga inathera sitandade faifi. Koma mumva.

Tadala, tsiku lija timaonana pavidiyo unafunsa kuti, agogo, ndodo ili kumbuyo kwanuyo mumamenyera ndani? Ndinaseka, ndinasintha nkhani. Sindimenyera munthu. Dzina lake ndi arishini. Eya, tayesa kutchula. Inenso lilime linkakana poyamba, ndinkati alisheni.

Ndiyambire kutali pang'ono. Kuno ndinabwera amayi anu ali fomu wanu. Banja lina la ku Lilongwe linapeza ntchito kubungwe lina lalikulu, linkafuna wolera ana. Iwo anakwera ndege, ine basi. Masiku atatu, ana inu. Karonga, Songwe, Mbeya, kenako malo ena amene mayina ake ndinaiwala. Ndinanyamula mbatata yootcha ndi chigumu m'kathumba, pofika ku Namanga chigumu chinali chitachita ndere, ndinadyabe. Mapazi anatupa moti nsapato ndinalowa nazo mu Nairobi zili m'manja. Inu mukapita ku Lilongwe maola awiri okha mwayamba kale kulira kuti tatopa.

Ndinakhala nawo ku South C zaka zinayi. Atawasamutsira dziko lina, madamu anandiuza kuti ku Hurlingham kuli gogo wina wachizungu akufuna munthu. Ndi mmene ndinawadziwira a Mama Galina.

Anali a ku Russia. Anakwatiwa ndi bambo wa ku Kenya kuno amene anapita kwawoko kukaphunzira udokotala kalekale, anabwera nawo. Bambowo anali atamwalira, mwana wawo mmodzi yekha, a Sasha, ankakhala kunja. Ndiye m'fulati muja munali a Mama, makina osokera opukusa ndi dzanja, ndi ine. Tinkalankhulana Chingerezi chothyokathyoka chosakaniza ndi Chiswahili, chawo chothyoka, changa chothyokeratu. Ankaphika supu wofiira ngati magazi, wa zinthu zina zonga mbatata. Sabata yoyamba ndinkakamutaya kuseri. Pomafika chaka chachiwiri ndinkapempha wina. Tiyi ankamwa ndi jamu wa pasupuni, osapaka pabuledi ayi, kunyambita jamu kenako kumwera tiyi. Anthu ndi osiyana, ana inu.

Tsono ndodo ija. Inkakhala pamwamba pa makina. Ndi yathabwa lakuda chifukwa chogwiridwa, kunsonga zonse ziwiri ili ndi tizitsulo tachikasu, pathupi pake pali timizere. Tsiku lina ndinaitenga kuti ndichotsere kangaude kudenga. Mayo ine! Gogo amene ankayenda mokoka miyendo anadumpha ngati mtsikana.

"Esinati! Weka chini! Ika pansi! Umachotsera kangaude ndi agogo anga?"

Ndinati pepani, ndimayesa ndodo wamba. Anandikhazika pansi, mkwiyo utatha, nayamba kundiphunzitsa. Anati iyi ndi arishini, muyeso wa kwawo wamakedzana, mamita asanabwere. Ndi yaifupi kuposa mita, yaifupinso kuposa yadi. Kwa munthu wamkulu imayambira paphewa kufika kunsonga ya chala. Anati kale ogulitsa nsalu ankayezera padzanja lawo lomwe, ndiye wochenjera ankaika wamanja aafupi pakauntala. Boma la kumeneko litatopa ndi madandaulo linapanga ndodo zofanana, n'kuzikhomera zitsulo kunsongaku kuti munthu asamasemeko. Ndinaseka, ndinati Mama, akuba ndi amodzi dziko lonse.

Sizinandivute kumva, chifukwa ife tikukula zinali choncho. Inu mumadziwa rula yapulasitiki imene mumathyola temu iliyonse. Amayi anga pogula nsalu ankaikoka kuchokera pamphuno kufika kuchala, akatambasula manja onse awiri ndiye mkwamba. Nditawaonetsa a Mama mkwamba anaomba m'manja, anati kwawonso ulipo, amati sazheni, maarishini atatu. Akaunjika masazheni mazana asanu ndiye mtunda umene amati veresita, kuposa kilomita pang'ono. Ankati kutchalitchi kwawo ndi maveresita atatu, ine ndinkangoti ndi ulendo umodzi wa minibasi, imene kuno amati matatu.

Timizere tija timagawa ndodo m'zigawo khumi, zisanu ndi chimodzi. Chigawo chimodzi ndi vereshoki, zala ziwiri zogundana ndi kachidutswa. Chimene chinandiseketsa n'chakuti poyeza msinkhu wa munthu wamkulu satchula maarishini awiri oyambawo, akuti aliyense ali nawo, amangotchula zotsalira pamwamba. A Mama anati, "Ine ndili mtsikana ndinali wa mavereshoki asanu." Ndinayang'ana pandodo, mavereshoki asanu ndi kutalika kwa chipande. Ndinati Mama, munali khoswe? Anaseka mpaka kutsokomola.

Iwonso kusukulu anaphunzira mamita ngati inu. Arishini inali itatha kale ntchito iwo asanabadwe. Koma anawalera ndi agogo awo, telala wa m'mudzi, amene mamita anawakana mpaka kufa. Ndodoyi inali ya agogowo. Ndiye a Mama chilichonse chosoka, makatani, madiresi, nsalu ya patebulo, ankayezera ndodo imeneyi. Ankati m'sutikesi yobwera nayo ku Kenya zinthu zonse zinatha, zina zinang'ambika, zina zinasweka, yatsala ndi iyi yokha.

Tinakhala zaka zisanu ndi zitatu. Maso awo anayamba kuchita nkhungu, zala zinapindika, ulusi ndinkawalowetsera ndine pasingano, mpaka kusoka komwe ndinaphunzira. Yunifomu yako yoyamba ija, Tadala, inasokedwa pamakina amenewo, ndipo unaithimbiritsa ndi mango tsiku loyamba lomwe, amayi ako anandiuza.

Tsiku lina anandituma kutauni, ku Biashara Street, kukagula nsalu yoyera maarishini asanu ndi imodzi. Anandipatsa ndodo, anati asadule ndi sizasi, ang'ambe. Wam'sitolo ataona ndikutulutsa ndodo m'chikwama anabwerera m'mbuyo.

"Mama, hii ni nini? N'chiyani chimenechi? Ife timagulitsa pa mita."

Ndinati inu tambasulani nsalu, kuyeza ndiyeza ndine. Anaitana anzake kudzaonerera. Ndinayeza kasanu ndi kamodzi pakauntala, iye anabwereza ndi tepi yake, anapeza mamita anayi ndi kanthu. Anang'amba akupukusa mutu. Ndinabwerera ndikuseka ndekha m'matatu. Sindinkadziwa kuti nsaluyo ndi yachiyani.

Mawa lake m'mawa, titamwa tiyi, anandiitanira kuchipinda. Ndinawapeza atagona chagada pabedi, miyendo atawongola, manja ataika pachifuwa. Ndodo ili pambali pawo.

"Esinati, ndiyeze. Kuchokera paphewa mpaka kuphimba mapazi."

Ndinaima pakhomo. Ndinati Mama, diresi la chiyani loyeza mutagona?

"Lovala nditagona. Kwathu nkhalamba imakonzeratu zovala za ulendo, imazimanga pakamtolo, imasunga. Agogo anga anasoka zawo okha. Ine manja anandithawa, usoka ndiwe."

Ana inu, ndodo ija sindinaigwire. Kuti mumvetse ndikuuzeni chimene ngakhale amayi anu sindinawauzepo bwinobwino.

Kwathu munthu akamwalira, amuna amabwera ndi bango, amaliika pambali pa mtembo kutenga muyeso wa bokosi ndi wa manda. Masiku ano mumangogula bokosi pamsewu, koma kale zinali choncho. Bango limenelo ndi la akufa okha. Ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi kunagwa maliro pafupi ndi kwathu, ndinasuzumira pazenera, ndinaona akuyeza. Mawa lake tikusewera kuseri kwa nkhokwe ndinamuuza mlongo wanga wamng'ono, Laisoni, kuti gona apa ukhale maliro. Anagona pamchenga akuseka, maso atatsinzina, mano ali pamtunda. Ndinatenga phesi la chimanga, ndinamuyeza. Amayi anatulukira. Analanda phesi lija, kulithyolathyola, kundimenya mbama imene khutu ili limaikumbukabe. Dzinja lomwelo Laisoni anadwala chikuku, anapita.

Anesi anati ndi chikuku. Ana ambiri anapita chaka chimenecho, ndikudziwa. Amayi sanandinenepo kanthu mpaka imfa yawo. Koma nthawi zina ndikamasenda chimanga ndinkapeza akundiyang'ana, ndikatukula maso iwo ayang'ana kumbali. Mutu umadziwa zina, mtima umasunga zina.

Ndiye ndili pakhomo paja, gogo atagona chagada, ndodo pambali. Ndinati Mama, ndikabwereke tepi kwa telala wapakona, ndikuyezeni mutaimirira.

"Tepi imatamuka, imanama. Komanso msana wangawu suongokanso ndikaimirira. Agogo anga anandiphunzitsa diresili m'maarishini, m'masentimita sindilidziwa."

Ndinati mawa, lero ndili ndi zochapa zambiri. Mawa litafika ndinati mutu. Tsiku lachitatu anandigwira dzanja, anati Esinati, sema ukweli, nena zoona. Ndinawauza kuti kwathu wamoyo sitimuyeza ndi ndodo atagona, kumeneko n'kumuitanira imfa. Za Laisoni sindinanene. Mwina ndikananena akanamva. Anaseka, koma osati monyoza.

"Mwana wanga, ndadutsa zaka makumi asanu ndi atatu. Imfa ili kale pageti, ikucheza ndi askari wolondera. Sikudikira kuti uiitane iwe. Chimene ndikuopa ine n'kupita nditavala za eni."

Anandiuzanso malamulo ake, kuti ndisaiwale. Nsalu yong'amba, osadula. Kusoka pamanja, osati pamakina. Singano izipita kutsogolo kokhakokha, osabwerera m'mbuyo. Ulusi osamanga mfundo, kuti woyendayo asakodwe panjira. Ndinkangoti eya, eya, koma m'mtima ndinali nditaganiza kale zanga.

Masana amenewo iwo akupuma, ndinatenga arishini, ndinakailowetsa m'kati mwa kapeti yakale yokulunga imene inali m'kachipinda kosungira katundu. Ndinkati popanda ndodo palibe kuyeza, popanda kuyeza a Mama akhala. Ndimo mmene ndinkaganizira, ana inu. Munthu wamkulu, wa mwana ndi adzukulu.

Anaifuna madzulo omwewo. Anapapasa pamakina, pansi pa bedi, kuseri kwa mipando. Ine ndikufuna nawo limodzi, kusuntha makabati, kugwada pansi, thukuta kutuluka, chonsecho ndikudziwa pamene ili. Ndinkadikira kuti andinene kuti ndaba, bwenzi zitandipepukira. Koma ayi. Anakhala pampando nati, "Esinati, mutu wanga wayamba kuwola. Ndataya agogo anga ndi manja angawa, sindikukumbuka kuti ndawaika pati. Pole, ndakutopetsa."

Anandipepesa ine.

Masabata asanu. M'mawa uliwonse ankayamba ndi kupapasa pamwamba pa makina, mwina yabwerera yokha. Supu uja anasiya kuphika. Tsiku lina ndinawapeza akuyesa kuyeza nsalu ija ndi dzanja lawo, kuchokera paphewa, koma dzanjalo silinkatambasuka, nsalu inkangogwa. Ndinalowa kukachipinda kuja kawiri konse, dzanja ndinalipisa m'kapeti, ndinaigwira ndodo. Ndikatseka maso ndinkaona mano a Laisoni ali pamtunda, ndinkaisiya.

Lachiwiri lina akumwa tiyi, supuni ya jamu inagwa. Pakamwa panakhota. Askari wapageti anandithandiza kuwanyamula, tinathamangira kuchipatala. Anakhalako masiku anayi osalankhula. Ndinkafuna kuwabweretsera ndodo kuti aigwire, koma ndinkaopanso kuti kulowa ndi ndodo pabedi la wodwala ndiye kumalizitsa. Mwaona uchitsiru wake? Tsiku lachitatu ndinawanong'oneza kukhutu kuti Mama, arishini sinatayike, ndinabisa ndine, mutu wanu uli bwinobwino. Diso limodzi linali lotsegula, likuyang'ana kudenga. Sindikudziwa ngati anamva. Limeneli ndi funso limene ndimadzuka nalo.

A Sasha anafika amayi awo atapita kale. Munthu wabwino, koma wothamanga, mafoni awiri m'manja, achibale a bambo awo atamuzungulira. Ndinawakokera pambali, ndinawafotokozera za diresi. Anati, "Sawa, sawa, Esinati, chitani. Tinyamuka Lachisanu kupita kumudzi kwa adadi, akagona pambali pawo." Anandilembera kakalata koti andilole kulowa kumochale.

Ndinaisolola ndodo m'kapeti muja, ndinapita nayo Lolemba. Bambo wogwira ntchito kumeneko anakoka chitsulo chimene anagonekapo a Mama, anandisiya. Tsopano zinali zololedwa, kwathu ndi kwawo komwe. Ndinayeza msinkhu wonse kaye, maarishini awiri ndi mavereshoki anayi. Ndinati Mama, mwafupika ndi imodzi, simulinso wa asanu. Ndinayeza kuchokera paphewa mpaka kumapazi, manja, chifuwa. Ntchito yonse sinakwane ndi mphindi khumi zomwe. Mphindi khumi, ana inu, zimene ndinawamana masabata asanu.

Pamakina diresi lija likanatha masana amodzi. Ndinawayang'ana makinawo nthawi yaitali. Koma ndinati ndawalakwira kamodzi, ndisawalakwirenso, ndichita monga ananenera. Ndinang'amba nsalu, ndinakhala pazenera, singano kutsogolo kokhakokha, popanda mfundo. Ulusi wopanda mfundo umasololoka, ukakoka kwambiri mzere wonse wabwerera, uyambirenso. Zala zinatupa. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Lachinayi m'mawa ndinalisita, ndinalikulunga m'pepala, ndinakwera matatu. Ndinkati ndafulumira ndi tsiku lathunthu.

Bambo uja atandiona anakanda m'mutu.

"Yule mama mzungu? Anamutenga dzulo m'mawa. Achibale anasintha tsiku, akuti kumudzi kwagwa mvula, msewu ungatsekeke."

Ndinafunsa kuti anawaveka chiyani. Anati suti yabuluu, ya siketi ndi jekete, inabwera ndi azakhali ena. Ndinaidziwa suti imeneyo. Anawagulira ndi achibale omwewo pamaliro a amuna awo, ndipo a Mama ankati imawaoneketsa ngati wogulitsa matikiti a ndege. Sanaivalenso chiyambire. Ndinakhala pabenchi panja pa mochale, phukusi lili pamiyendo, anthu akulowa ndi kutuluka ndi maliro awo. Palibe anandiimbira foni. Sindikuwada ayi. Pamaliro amawerenga achibale, wantchito amakumbukika pofuna tiyi.

Patapita sabata a Sasha anabwera kudzatseka fulati. Atandiona ndi phukusi anagwira pakamwa. "Ayi, Esinati, pole sana. Ndinaiwaliratu." Ndinawapatsa ndodo, ndinawauza kuti ndi ya agogo a amayi awo. Anaitembenuza uku ndi uku, anafunsa ngati ndi yokokera makatani. Anati m'ndege ivuta, tengani. Diresi anati muone chochita nalo.

Papita zaka ziwiri tsopano. Ndinapeza kachipinda kuno ku Kibera, ndimayenda m'mafulati kuchapa zovala za anthu, amatitcha mama fua. Makina anagulitsidwa pamodzi ndi mipando. Kumudzi kumene anagona a Mama sindinapiteko, ndi kutali, ndipo ndikakafika ndikanene kuti ndine ndani?

Mwezi wathawu ndinachita chinthu chimene amayi anga akanandimenyanso mbama. Ndinatseka chitseko, ndinagona chagada pasimenti, mapazi kukhoma, ndinaika chikho pamene pathera mutu. Ndinadzuka, ndinatenga ndodo, ndinayeza. Maarishini awiri ndi mavereshoki atatu. Ndinadikira kuti mwina ndimva chizungulire, kapena china chake. Palibe chinachitika, kunja ana ankangosewera mpira.

Musalire, sindikudwala. Yankho, pukuta mphuno, ndikudziwa wayamba. Kuthamanga kwa magazi kokha, ndipo mankhwala ndikumwa. Koma ndaona mmene zimakhalira munthu akamadalira kuti anthu adzakumbukira pa tsiku lothamanga. Amayi anu ndikayamba nkhani imeneyi amati amayi musatilaule, amadula foni. Ali ngati ine. Ndiye ndikuuza inu, makamaka iwe Tadala, poti ndiwe wamkulu ndipo suiwala kanthu, ngakhale maswiti amene ndinakulonjeza chaka chatha ukuwakumbukabe.

Diresi lili pansi penipeni pa sutikesi yanga yofiira, m'pepala lakhaki. Kaya ndidzabwera ndili pampando wa basi, kaya kunsi kwa basi pamodzi ndi katundu, sutikesiyo idzabwera nane. Asadzandigulire zatsopano, asadzandiveke yunifomu ya kumvano, ndanena. Lidzanditalikira pang'ono. Mudzapinde m'munsimo vereshoki imodzi, zala ziwiri zogundana ndi kachidutswa. Musadzadule ndi sizasi, ndipo ulusi wake musadzamange mfundo.